Kazitape wa Pamkono Panga

Yankho mwana wanga,

Ndikulemba masana ano, ntchito za m'khitchini zitatha, ndili pakabedi kanga ndege zikungodutsa pamwamba pa denga monga zimachitira kuno ku Garhoud, m'dziko la Aarabu lino. Mawa m'mawa imodzi mwa ndege zimenezi ndi yako. Madamu, abwana anga, andipatsa maola awiri oti ndikakuperekeze, koma ine ndimadzidziwa: pabwalo la ndege ndikayamba ndi kukukalipira za jekete, kenako n'kulira, zenizeni osanena. N'chifukwa chake ndati ndilembe. A Jafali, amuna ake a Asiyatu mnzanga uja, akubweretsera kalatayi kwanu ku Nahda akamaweruka, pamodzi ndi mtedza ndi chitenje chija unkachisirira. Uwerenge yonse usanandiimbire. Ndati yonse, Yankho, osati kudumphadumpha mmene umachitira ndi mameseji anga.

Lamulungu lapitali unapisa m'chikwama changa kufuna chaja, n'kutulutsa mankhwala a shuga. Sunakweze mawu ayi. Unangowaika patebulo n'kufunsa kuti ndinayamba liti kumwa. Nditati chaka chatha, unati, "Ndiye mwayambiranso, amayi." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu mpaka pano. Unati tikiti ilipo inde, koma sukudziwa ngati ukwere. Unati kampani ya ku Jebel Ali ija, yogulitsa makina a m'zipatala, ikukufunabe, ukhoza kupeza kanyumba ku Discovery Gardens n'kumandiona sabata iliyonse. Unandipempha kuti mwina ndivale kachida ka pamkono koyeza shuga, kamene kamatumiza zonse ku foni, ine ndinakukanira mwaukali, ndinati sindikufuna kazitape pathupi panga. Tinasiyana osatsanzikana bwino. Tsono ndikuuziretu pano: ukwere ndegeyo. Kalata yonseyi nkhani yake ndi imeneyi.

Positidoki yakoyi ndinachedwa kuimvetsa, ndisakunamize. Utandiuza kuti ukupitanso ku yunivesite ina, ndinati mumtima, koma mwanayu sukulu inamudyetsa chiyani, anthu amutcha kale dokotala, akufunanso kutchedwa ndani? Kutchalitchi ndikati mwana wanga ndi dokotala, amayi amayamba kundifotokozera za misana yawo, ine n'kumati ayi anzanga, uyu sabaya jekeseni, amajambula tichipi. Mpaka tsiku lija unandikhazika pansi n'kundiika pachikhatho kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Unati m'kati mwake muli tinjira ta magetsi tosawerengeka timene unajambula wekha pa kompyuta, ndipo kanthu kotere kakhoza kukhala pakhungu kapena m'thupi mwa munthu, kumamvera mtima kapena magazi, n'kumauza foni popanda waya. Unati vuto lake kamadya batire, ndipo ku Finland kuli pulofesa amene labu yake ikufufuza zoti kazidya pang'ono, munthu asamang'ambidwe kawirikawiri chifukwa cha batire chabe. Anthu ambiri anafunsira malowo, anasankha iwe. Koma nditamva kuti ndi kontirakiti ya zaka ziwiri, viza yomangirira pa bwana mmodzi, kachipinda kakang'ono m'dziko la eni, ndinaseka ndekha. Ntchito yako ndi yanga n'zapachibale, mwanawe. Ndiye ngakhale ndinalekezera Sitandade 8, pamenepa ndili ndi zokuuza.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndisanaione n'komwe ndege. Ku Lilongwe ejenti anandipatsa pepala la Chingelezi ndi Chiarabu, n'kuloza ndi chala kuti sainani apa. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa amayi odikira, ndipo ukudziwa mmene ndimawerengera Chingelezi, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Manyazi anandigwira, ndinangosaina. Nyumba yoyamba ija ya ku Sharjah ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri osapuma ngakhale tsiku limodzi, pasipoti ili m'dirowa ya eni nyumba, ine n'kumati kunja zimakhala chonchi. Anandipulumutsa ndi Asiyatu. Tinakumana kotayira zinyalala pansi pa fulati, iye akukalipira munthu pa foni m'Chichewa, ine thumba n'kugwa pansi. Tsiku limene anawerenga pepala langa anagwira pakamwa. Tsiku lopuma linalembedwamo, ndipo ndinalisainira ndekha osadziwa. Ndiye iwe ndi madigiri ako onsewo, usachite manyazi kuwerenga pang'onopang'ono. Umufunse pulofesa wakoyo kuti zaka ziwirizo zikatha chotsatira n'chiyani. Umufunse kuti ukatulukira chinthu mwini wake ndani. Pasipoti izigona pamene wagona iwe. Ndipo tsiku lopuma uzipuma, Yankho. Ndinakuona ku Nahda masiku otumiza chipi ku fakitale atayandikira, sabata yathunthu ukudya mabisiketi, tsitsi lili nyankhalala ngati munthu wothawa kwawo. Anzako usawasankhe ndi maso. Kwathu ku Ntcheu, Asiyatu ndi hijabu yake ndikanangomupatsa moni n'kudutsa, koma kuno ndiye mchemwali wanga.

China n'cha maso omwewo. Ndinakulera kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi, chifukwa nanenso anandilera choncho. Madamu wa ku Sharjah uja tsiku lina ndolo yake inasowa. Anandifunsa, ine ndinagwada, maso pansi, mawu otsika, kumupatsa ulemu wonse wa kwathu. Iye anati ndiye umboni wake umenewo, wakuba sayang'ana munthu kumaso. Ndoloyo inapezeka m'galimoto, koma sanapepese. Iwe ulemu umenewu unautenga wonse. Tsiku lija unkafotokoza kafukufuku wako pamaso pa aphunzitsi ako, ine ndili kumbuyo ndi chitenje changa osamva kanthu, chimodzi chokha ndinachimva bwino: akakufunsa unkayang'ana nsapato. Unandiuza wekha kuti pantchito yanuyi chimene chimakukweza ndi dzina lako pa mapepala a kafukufuku. Ine ndalera ana a eni atatu kuno, ndinawaphunzitsa kuyenda, kudya okha, kupempha bwino, ndipo palibe pamene panalembedwa dzina langa. Sindikudandaula, ntchito yanga ndi yotero. Koma yako ili ndi dzina. Wina akafuna kulikankhira kumapeto, dzutsa mutu, umuyang'ane, unene kuti ndinajambula ndine. Kugwada udzandigwadira ine ukabwera.

Tsopano nkhani ya dirowa, imene sindinakuuzepo chifukwa cha manyazi. Haja, mayi ake a madamu amene ndimawasamalira m'nyumba muno, atatuluka m'chipatala anawamata kachida pachifuwa komvera mtima. Kankatumiza uthenga ku foni ya madamu, komanso ku kabokosi ka patebulo kamene kankalira. Nesi anandifotokozera m'Chingelezi chothamanga, ine n'kumangoti yesi, yesi, mutu uli gwedegwede, chikhalirecho sindinamve ngakhale theka. Kabokosi kaja, abale! Haja akatembenuka, kalira. Akatuluka thukuta, kalira. Kachida kakamatuka pang'ono, kalira. Ine kuthamanga kuchokera kukhitchini, kupeza nkhalamba ili bwinobwino ikudya zipatso za tende. Haja anatopa nako, ankangoti khalasi, khalasi, kutanthauza kuti zakwana, akuloza ndi ndodo. Tsiku lina ndinakatenga n'kukaika m'dirowa pansi pa matawulo, m'nyumba munakhala bata, ndinadziona wanzeru.

Patapita masiku, masana ngati ano, ndinali kusita. Ndinangomva ambulansi yaima pageti, anthu akuthamangira m'nyumba, ine ayironi ili m'manja. Mtima wa Haja unali ukuzilala m'tulo, kabokosi kakulira pansi pa matawulo, ine osamva. Amene anamva ndi foni ya madamu, ali kuntchito kutali, ndiwo anaitana ambulansi. Haja anachira, Mulungu ndi wabwino. Ndinalongedza chikwama ndekha, ndinadziwa kuti ntchito yatha. Madamu sanandichotse. Anangondifunsa kuti bwanji sindinanene kuti sindinamve, bwanji sindinanene kuti kakulira kwambiri. Ndinangopita kukamasula chikwama changa.

Pankhani imeneyi utengepo ziwiri. Ukapanda kumva mu labu, unene kuti sindinamve, ngakhale onse akhale akugwedeza mitu. Chachiwiri ndi chimene ndikufuna uzichikumbukira ukamajambula tinjira tako. Chida chimene mukupangacho chikachoka m'manja mwa mapulofesa chimagwera m'manja mwa munthu ngati ine, wotopa, wa ayironi m'manja, wosamva Chingelezi chothamanga. Kakamalira pachabe, tikaika m'dirowa. Usatinene kuti ndife opusa. Upange koti kakalira, munthu azidziwa kuti n'zoona. Anzako mu labumo mwina sanaonepo dirowa ya matawulo, iwe mayi wako wakuuza. Ukagulitsa makina ku Jebel Ali, zimenezi udzauza yani? Ukwere ndegeyo, Yankho.

Nawenso usadziyeretse, unanditengera. Chipi yako yoyamba ija, unaidikira miyezi kuchokera ku fakitale, itabwera inali yakufa, osadzuka ngakhale pang'ono. Unadzandiuza patatha chaka, tikuseka, kuti panali kamzere kamodzi kamene unalumikiza molakwika, ndipo chipi si diresi yoti telala angaphwasule n'kusokanso. Koma pa nthawiyo unati chiyani? Ndinakuimbira Lamulungu kuti tikumane pa siteshoni ya sitima ya metiro, unati muli ndi misonkhano. Masabata atatu, misonkhano. Mnzako wa m'chipinda ndiye anauza Asiyatu kuti sukudya, umangogona kuyang'ana khoma. Ku Finland kulibe Asiyatu, ndipo akuti nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Chipi ikafa, ndipo ina idzafa ndithu, undiimbire tsiku lomwelo. Sindidziwa kukonza kamzere, koma kumvera ndimatha.

Ndazungulira mokwanira. Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchithawa zaka zonsezi.

Abambo ako anadwala masiku anayi okha. Iwe unali ku sukulu yogonera konko, mayeso a Folomu 4 atangoyamba. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana ali pa mayeso, asamve. Ndi mmene anthu amachitira, palibe amene anadabwa, ndipo ine ndinavomera. Sindikukankhira amalume ako ayi, mayi wako ndine, ndikanati ayi bwenzi atakutenga. Tinawaika m'manda iwe ukulemba. Tinameta. Loweruka linali tsiku loona ana kusukulu, ndipo ndinadziwa kuti ndikapanda kubwera uganiza zambiri. Ndinavula zakuda, ndinabwereka chitenje chowala, ndinamanga duku mpaka m'makutu kuti usaone mutu. Ndinakuphikira chigumu. Unandithamangira pageti, n'kufunsa kuti abambo bwanji sanabwere. Ndinati atanganidwa ndi mawailesi a anthu kushopu, akuti ulembe bwino masamu. Unaseka, unati, "Mukawauze wailesi yofiira ija asaikonze, ndidzakonza ndine." Ine ndinati ndikawauza.

Ndinakwera minibasi n'kulira mpaka kunyumba, anthu kumandiyang'ana. Koma kulira kwanga sikuchotsa kanthu. Patatha masabata awiri unafika ndi sutikesi yako, unapeza shopu yotseka, ine ndili pakhonde wopanda duku. Unayang'ana mutu wanga, unamvetsa wekha. Sunalire. Unapempha makiyi, unalowa mu shopu, unakhala pampando wa abambo ako pamene anakuphunzitsira kuwotcherera mawaya, n'kukonza wailesi yofiira ija mpaka inalankhula. Kenako mwezi wathunthu sunandilankhule. Zotsatira zitatuluka, utakhoza kuposa onse, anthu anati mwaona, tinachita bwino. Nanenso ndinadziuza choncho, zaka ndi zaka.

Sitinachite bwino, Yankho. Ndinakulanda maliro a abambo ako, ndinakunamiza ndikukuyang'ana, ndinaika mawu m'kamwa mwa munthu amene anali m'manda. Mayeso akanalembedwa chaka china, maliro sabwerezedwa. Chiyambire sindinakupepesepo, ndimangokuphikira zimene umakonda n'kumati wamva. Lero ndikunena ndi mawu: pepa, mwana wanga. Ndinalakwa.

Ndikudziwanso chimene bodza limenelo linakuchita. Kuyambira pamenepo ndikati ndili bwino, umakhala chete pa foni, kumvetsera mpweya wanga. Pamene unapeza mwayi wa maphunziro apamwamba, malo analipo angapo, iwe unasankha kuno. Unati n'chifukwa cha labu yabwino. Mwina, koma ine ndikudziwa kuti unkafuna kumandiona ndi maso ako, poti mawu anga sunkawakhulupiriranso. Ndiye kuti njira yako ndinaikhotetsa kale kamodzi. Ndipo chaka chatha dokotala atandiuza za shuga, iwe uli pakati polemba buku lako la udokotala, mawu amene anabwera m'mutu mwanga ndi omwe aja: mwana ali pa mayeso, asamve. Ndinamanganso duku, mwanawe. Sunalakwe kunena kuti ndayambiranso, ndipo kundikwiyira kwako n'koyenera.

Koma ukakhala chifukwa cha ine, ndiye kuti bodza langa lakudyera kawiri. Zimenezo sindingazipirire. Ndikhoza kupirira kukusowa, ndapirira zambiri m'dziko lino. Chimene sindingathe n'kukuona Lamulungu lililonse ukubwera kuchokera ku Discovery Gardens ndi thumba la zipatso, ukumwetulira, ine ndikudziwa kuti tichipi tako unatisiya kuti uzilondera mayi wabodza. Shuga wangayu si wa lero kapena mawa. Ndikumwa mankhwala, tiyi ndikumwa wopanda kanthu ngakhale akuwawa ngati chilango, madamu akudziwa, dokotala ndimamuona. Koma ndikudziwa kuti mawu amenewa, ochokera kwa ine, kwa iwe salemera kanthu. Ndinawapeputsa ndekha.

Ndiye tamvera chimene ndachita. M'mawa uno ndinapempha madamu, a Jafali ananditengera kuchipatala, ndipo kazitape uja ndamuvala. Ali pano pamkono wamanzere, kanthu koyera ngati batani la jasi. Sizinawawe, ndinangochita manyazi ndi mmene ndinatsinzinira. Ndinakukanira Lamulungu chifukwa chiyambire tsiku la ambulansi lija ndimaziopa zida zimenezi, zimadziwa zinthu mwini nyumba asanadziwe, ndipo sizisunga chinsinsi. Lero ndamuvala pa chifukwa chomwecho. Nesi wa lero ndinamuimitsa katatu. Ndinati sindinamve, bwerezani, ndipo anabwereza. Ndinamufunsa ngati kangauze munthu amene ali ku Finland, anati ngakhale kumwezi bola netiweki. Wandikonzera zonse pa foni, dzina lako lilipo kale, kwangotsala kuti ndidine. A Jafali akangondiuza kuti kalata yafika m'manja mwako, ndidina, ndipo kwa iwe kubwera uthenga wopempha kuti uvomere. Ukavomera, uziona shuga wanga usana ndi usiku, akakwera, akatsika, ine ndisanatsegule pakamwa.

Tigwirizane pang'ono. Ukaona mzere wakwera Lamulungu masana, ndi mandasi a Asiyatu amenewo, limodzi lokha, usandiimbire kuchokera mu labu kudzandichititsa manyazi. Usamakhale maso pa foni mpaka kuiwala ntchito imene wapitira. Kakalira zenizeni, imba, ndikapanda kuyankha imbira madamu, nambala uli nayo. Ndipo tsiku limene zidzavute ndithu, sudzamva kwa kachida kokha, udzamva kwa ine, kaya uli pa mayeso, kaya chipi ikupita ku fakitale mawa lake. Nawenso chimodzimodzi. Iwe ulibe batani pamkono, ndiye ndidalira pakamwa pako.

Nesi wati kameneka kamatha pakapita masiku, n'kuika kena, batire likafooka basi kataye. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono, mwana wanga akupita kukapanga kokhalitsa. Anaseka, ankayesa nthabwala za amayi okalamba. Ine sindinaseke.

Jekete lija uvale m'ndege, usaliike m'sutikesi. Mtedza ndakazinga wopanda mchere wambiri. Upeze tchalitchi, ngakhale aziimba zosamveka. Haja akuti yala, ndiye kuti tiye, upite, ndipo akupempherera m'chinenero chawo. Adzuka tsopano, ndikumva ndodo ikugogoda.

Mawa undiyang'ane pakhomo lolowera. Ndibwera ndi malaya a manja aafupi kuti umuone wekha kazitape wako, umugwire ngati ukufuna. Ndipo ndibwera wopanda duku, Yankho, imvi zonse zili poyera. Undiyang'ane bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ufunse chilichonse, ndikuyankha zoona. Ukatha, unyamule chikwama chako ukakwere.

Ndine mayi wako,
Nachisale